Kuyala mazenera ngati matailosi ndi kusiya ena oyandama pa kompyuta imodzi: zimatheka bwanji?

Nangozo:

Akuluakulu nonse a pagulu lino, ndakupatsani moni. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere kwa milungu itatu tsopano, ndipo ndikukhulupirira kuti pano pali ena amene anadutsamo kale. Ntchito yanga ndi yomasulira zikalata kuchokera m'Chingelezi kupita m'Chichewa, choncho tsiku lonse ndimakhala ndi mazenera awiri otsekula, chikalata chomasuliridwacho kumanzere ndi chimene ndikulemba kumanja. Mwezi watha mchimwene wanga anandiikira Debian, mtundu wina wa Linux, pamodzi ndi i3, pulogalamu yoyala mazenera pa sikirini, pa laputopu yanga, imene sikirini yake ndi ya 1366 x 768, ndipo kunena zoona pa ntchito yomasulirayi ndinaikonda pompopompo. Ndikatsekula zikalata ziwirizo, zimagawana sikirini zokha pakatikati, palibe lobisa linzake, palibenso kukoka m'mphepete ndi mausi monga ndinkachitira kale m'mawa uliwonse.

Vuto limabwera ndikafuna kanthu kakang'ono. Kasitomala akaimba foni kufunsa mtengo wa masamba ake, ndimatsekula kalikuleta, ndiye i3 imaitenga kalikuletayo ngati chikalata chachitatu n'kudula sikirini patatu. Zikalata zanga zimapanikizika, mizere yonse imasuntha, ndipo pomaliza kulankhula pa foni ndimakhala nditataya pamene ndinalekezera. Kalikuletayo nayonso imatalika kuchokera pamwamba mpaka pansi, mabatani ake n'kukhala ngati matabwa. Zomwezi zimachitikanso ndi kazenera kokwezera ndi kutsitsira mawu.

Funso langa ndi ili: kodi ndibwerere ku Xfce, desktop imene ndinkagwiritsa kale, kumene mazenera onse amayandama, kapena pali njira yoti zikalata zikhale zoyalidwa pamene tizinthu ting'onoting'onoti tikuyandama pamwamba?

Chisale:

Mayi Nangozo, musabwerere msanga, chifukwa chimene mukufunacho i3 ili nacho kale, kungoti achimwene anuwo sanakuonetseni. Kalikuletayo ikatsekuka, dinani batani la Mod pamodzi ndi Shift ndi Space, ndipo idzachoka pamzere wa mazenera oyalidwa n'kuyandama, zikalata zanu n'kubwerera mwakale. Batani la Mod limakhala Alt kapena lija lili ndi chizindikiro cha Windows, malinga ndi limene linasankhidwa tsiku loyamba. Kuti musunthe zenera loyandamalo, gwirani Mod n'kulikoka ndi batani lakumanzere la mausi, ndipo mukakoka ndi lakumanja mudzalikulitsa kapena kulichepetsa. Mod ndi Space popanda Shift zimakudumphitsani pakati pa mazenera oyandama ndi oyalidwa.

Komabe kudina mabatani atatu nthawi iliyonse si yankho lokhalitsa, popeza sikirini idzakhala itadulidwa kale patatu musanadine. Chofunika ndi kuiuziratu i3 kuti zenera lakutilakuti lizibadwa loyandama. Tsekulani terminal, zenera lolembamo malamulo a kompyuta, lembani xprop, kenaka dinani pa kalikuletayo. Pa zambiri zimene zitatuluke, funani mzere wa WM_CLASS, umene umakhala ndi mayina awiri, ndipo lachiwirilo ndilo class. Mukatero, mu fayilo ya makonzedwe a i3, ya ~/.config/i3/config, onjezani mzere wonga uwu:

`for_window [class="Galculator"] floating enable, resize set 320 420, move position center`

Dzinalo mulilembe ndendende monga xprop yakuonetserani, chilembo chachikulu chikhale chachikulu, chifukwa ambiri amaphonyera pamenepa n'kumaganiza kuti lamulo silikugwira ntchito. Mukasunga fayiloyo, Mod ndi Shift ndi C zimaiwerengetsanso.

Mwina mwaona kale kuti kazenera kofunsa pamene musunge fayilo kamayandama kokha popanda lamulo lililonse. Izi zili choncho chifukwa pulogalamu imalengeza mtundu wa zenera lake kudzera mu _NET_WM_WINDOW_TYPE, ndipo i3 ikaona kuti ndi dialog, utility, toolbar kapena splash, imaliyandamitsa. Imateronso ndi zenera limene mwini wake ananena kuti silingakule kapena kuchepa. Kalikuleta yanu imadzitchula zenera wamba, n'chifukwa chake ikulandira gawo lofanana ndi la chikalata.

Mwale:

Zimene afotokoza a Chisale n'zoona, koma ine ndikufuna ndiione nkhaniyi kuchokera mbali ina. Ndimakonza makompyuta, ndipo pa anthu amene amabweretsa makina awo kwa ine, amene angakhale pansi kufufuza WM_CLASS ndi owerengeka kwambiri. Mapulogalamu ochuluka anapangidwa poganizira kuti mazenera ake aziyandama, aliyense ndi msinkhu umene wopangayo anauona kuti ndi woyenera. Ukayambira ku kuyala, ndiye kuti ukulimbana ndi chibadwa cha pulogalamu iliyonse, ndipo udzakhala ukulemba malamulo opatula mpaka kalekale. Bwanji osayambira kumene zonse zimayandama, n'kuyala mazenera awiri okhawo amene mukufuna kuti ayalidwe?

Masiku ano njira imeneyi yakhwima. Kuyambira pa desktop ya KDE Plasma 5.27, imene inatuluka mu February 2023, ukadina Meta (batani lija la chizindikiro cha Windows) ndi T umajambula wekha zigawo za sikirini, ndiye ukamakoka zenera utagwira Shift limakagwera m'chigawo chimene walilozetsa. Zenera limene sunalikoke limakhala loyandama monga mwa masiku onse. Pa Windows ndi chimodzimodzi: Windows 7 inabweretsa kukankhira zenera kumbali kuti litenge theka mu 2009, Windows 11 inawonjezera Snap Layouts mu 2021, zimene zimatuluka ukadina Win ndi Z, ndipo FancyZones ya mu PowerToys, zida zowonjezera za Microsoft, imalola kujambula zigawo zako n'kumaponyamo mazenera utagwira Shift. Ngakhale Xfce imene Mayi Nangozo anachokako imatha kupatsa zenera theka la sikirini ukalikankhira m'mphepete.

Pa ntchito ya mazenera awiri, ine ndikuona kuti njira imeneyi ndi yachidule, ndipo kalikuleta sidzasokoneza kanthu.

Tembo:

Ndawerenga mbali zonse ziwiri, ndipo monga munthu amene wakhala ndi makompyuta kwa nthawi yaitali ndithu, ndikufuna ndikumbutse kuti mkangano uwu si wa lero. Kompyuta ya Xerox Star ya mu 1981 inkayala mazenera a mapulogalamu, koma timazenera tofunsa mafunso ndi tosinthira makonzedwe tinkaloledwa kukhala pamwamba pa ena. Windows 1.0 ya mu 1985 nayonso inkayala mazenera ake, ndipo kusanjikizana kwaufulu kunadzabwera ndi Windows 2.0 mu 1987. Kumbali ya Linux, dwm ya mu 2006, pulogalamu yoyala mazenera ngati i3, imene anthu amaitenga ngati youma mtima pa nkhani yoyala, imabwera ndi lamulo lolembedwa kale mu config yake lakuti Gimp, pulogalamu yokonzera zithunzi, iziyandama. Ngakhale niri, imene imandandalika mazenera pamzere wautali wopita kumanja, inadzawonjezera mazenera oyandama mu January 2025. Choncho palibe amene anakwanitsa kukhala mbali imodzi yokha. Oyala anafuna koyandamitsa, ndipo oyandamitsa, monga asonyezera a Mwale, akhala akuphunzira kuyala.

Ndiye funso loti uyambire mbali iti ine silindidetsa nkhawa kwenikweni. Limene ndimadzifunsa pa zenera lililonse ndi lakuti: kodi ili ndi mwini nyumba kapena ndi mlendo? Chikalata chimene Mayi Nangozo amakhala nacho kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndi mwini nyumba, chiyenera kukhala ndi chipinda chake chosasunthika. Kalikuleta ndi mlendo, ndipo akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Munthu sugumula khoma la nyumba pofuna kulandira wodzapempha moto. Chimene chikuwapweteka mayiwa n'chakuti i3 ikugumula khoma nthawi iliyonse mlendo akagogoda.

Kumene ndikusiyana ndi a Mwale ndi apa. M'njira yawo eni nyumba uyenera kuwaika m'malo ndi dzanja tsiku lililonse, ndipo mmodzi akatsekedwa malo ake amangokhala bwanja, otsalawo sadzaza. M'njira ya a Chisale umavutika kamodzi kulemba mayina a alendo, amene kwa anthu ambiri sapitirira asanu kapena asanu ndi mmodzi. Amene amatsekula ndi kutseka mazenera akuluakulu kawirikawiri apindula ndi njira yachiwiriyi, pamene amene mazenera ake amakhala omwewo tsiku lonse angakhutire ndi yoyambayo.

Nangozo:

Zikomo kwambiri nonse. Ndatsatira zimene ananena a Chisale, ndipo kalikuleta tsopano ikubwera yaing'ono pakati pa sikirini, zikalata osagwedezeka. Ndachitanso chimodzimodzi ndi kazenera ka mawu. Poyamba lamulolo linakana, kenaka ndinapeza kuti ndinalemba dzina loyamba la WM_CLASS m'malo mwa lachiwiri, monga momwe munachenjezera.

Koma dzulo kwachitika china chimene chandiopsa. Ndinali pa foni ndi kasitomala, kalikuleta ili poyera, ndikulemba manambala maso ali pa kapepala kamene ndinalembapo kuchuluka kwa mawu. Nditakweza maso ndinapeza kalikuleta ilibe kanthu, ndipo manambala onse aja alowa pakati pa chiganizo m'chikalata chimene ndikumasulira. Mwamwayi ndinaona msanga n'kufufuta, koma chikalatacho chinali cha malangizo a kamwedwe ka mankhwala, ndipo ndikaganiza kuti manambala osokera akanapita nacho kwa mwini wake, mtima umandigunda. Ndikuganiza kuti chigongono changa chinagunda mausi. Kodi zimenezi n'zotheka kuti kugunda mausi kokha, popanda kudina, kusamutse kiyibodi kupita ku zenera lina?

Chinanso n'chakuti kalikuletayo ikakhala pakati imaphimba ndendende pamene zikalata ziwiri zikumanirana, ndiye ndimaitseka ndi kuitsekulanso kambirimbiri, ndipo nambala imene ndinawerengera imatayika.

Nabanda:

Achemwali, n'zotheka ndithu, ndipo mwakhudza pamene pali vuto lenileni la kusakaniza njira ziwirizi. Kuyandamitsa zenera n'kosavuta, koma kudziwa zenera limene likumvera kiyibodi pa nthawiyo ndiye nkhani. Mu i3, focus_follows_mouse imakhala yoyatsa kuchokera pachiyambi, kutanthauza kuti kamuvi ka mausi kakangolowa m'zenera lina, kiyibodi imatsatira komweko. Pamene mazenera onse ali oyalidwa, zimenezi sizivuta kwambiri chifukwa mazenerawo ndi aakulu. Koma kazenera ka 320 m'lifupi, mausi ikangosuntha pang'ono kamuvi kagwera kale pa chikalata cha pansi, pamene kalikuleta ikuonekabe pamwamba ngati kuti ndiyo ikumvera. Mu i3 zenera loyandama limakhalabe pamwamba pa oyalidwa ngakhale kiyibodi itachokako, ndipo maso amanamizika pamenepo. Lembani mzere uwu:

`focus_follows_mouse no`

Kuwonjezera apo, ndikulangizani kuti zenera limene likumvera likhale ndi mpendero wa mtundu wowala, kudzera mu client.focused, ndipo mpenderowo ukhale wonenepa mapikiselo atatu kapena anayi. Ena amachotseratu mipendero pofuna kukongoletsa, koma pa ntchito ngati yanuyi kukongolako sikungafanane ndi ngozi imene mwaifotokozayi.

Pa vuto lachiwirilo, mankhwala ake ndi scratchpad. Iyi ndi ngati thumba losaoneka limene mumaikamo zenera osalitseka. Mukalamula move scratchpad, zeneralo limabisika koma pulogalamu ikugwirabe ntchito, ndipo mukalamula scratchpad show limatulukira loyandama pa workspace iliyonse imene muli (workspace ndi ngati tebulo lina la mazenera pa sikirini yomweyo). Mukalamulanso kachiwiri limabwerera m'thumba, nambala yanu ili momwemo. Ine ndinapatsa alendo anga aliyense batani lake, mwachitsanzo:

`bindsym $mod+c [class="Galculator"] scratchpad show`

ndipo kumapeto kwa lamulo lija anakupatsani a Chisale mumawonjezera move scratchpad kuti kalikuleta ikangotsekulidwa izilowa m'thumba. Ubwino wopatsa aliyense batani lake ndi wakuti ukaika mazenera angapo m'thumba n'kumagwiritsa scratchpad show yopanda dzina, amatuluka mosinthanasinthana, ndipo umadina kangapo usanapeze limene ukufuna.

Ndionjezere mawu amodzi kwa amene ali pa Wayland ngati ine, njira yatsopano yoonetsera mazenera pa Linux imene ikulowa m'malo mwa X11. Ndimagwiritsa Sway, imene inafika pa 1.0 mu March 2019 ndipo imawerenga config yofanana kwambiri ndi ya i3. Kumeneko xprop siona mazenera a Wayland enieni, ndiye dzina limapezeka ndi swaymsg -t get_tree, ndipo m'malamulo mumalemba app_id m'malo mwa class. Mapulogalamu akale odutsira mu XWayland okha ndiwo amakhalabe ndi class. Amene akusamuka kuchoka ku i3 ayembekezere kulembanso ena mwa malamulo awo.

Mwale:

Mayi Nabanda afotokoza bwino, ndipo ndikuvomera kuti scratchpad ndi chinthu chimene sindingachipeze mosavuta kumbali yanga. Chapafupi chimene ndimapatsa anthu a Windows ndi Always on Top ya mu PowerToys, imene ukadina Win ndi Ctrl ndi T imakhomerera zenera pamwamba pa ena onse, koma kulibisa ndi kuliitana ndi batani limodzi si ntchito yake.

Komabe ndichenjezeko pa thumba limeneli. Chobisika chimaiwalika. Mnzanga wina amene ndinamuikira i3 ankasunga kazenera kolembamo manotsi mu scratchpad, ndipo ankalembamo manambala a foni ndi miyeso ya katundu tsiku lonse osasunga fayilo, popeza kazenerako sikankaoneka pena paliponse kuti kamukumbutse. Tsiku lina magetsi anazima, batire ya laputopuyo inali yotha kale, ndipo za tsiku lonse zinapita. Pa desktop wamba zenera lochepetsedwa limaonekabe pa kamzere ka pansi, pamene i3bar, kamzere kotere ka i3, mwa iyo yokha sikuonetsa zimene zili mu scratchpad. Choncho m'thumbamo muziikamo zinthu zimene kutayika kwake sikungakulizeni, monga kalikuleta ndi kazenera ka mawu, ndipo ngati ndi manotsi, pulogalamu yake ikhale yosunga yokha.

Ndikufunanso ndibwerere ku masamu a sikirini ya mayiwa. 1366 ukaigawa pawiri, zenera lililonse limapeza mapikiselo 683, amene ndi okwanira kuwerenga tsamba. Ukaigawa patatu limapeza 455 okha, ndipo pamenepo mizere ya zida ya LibreOffice imayamba kubisa zina. Ndiye pa sikirini yotere zenera lachitatu lililonse, kaya ndi laling'ono kaya ndi lalikulu, lilibe malo. Nanga akafuna kutsekula burawuza kuti afufuze tanthauzo la liwu, achite bwanji? Burawuza si mame ayi, koma kuiyandamitsa kudzaphimba zikalata zonse.

Chisale:

Funso la a Mwale ndi lolemera, ndipo yankho lake silili pa kuyala kapena kuyandamitsa, lili pa njira yachitatu imene ambiri amaiiwala. Mu i3 chigawo chimodzi cha sikirini chingasunge mazenera angapo osanjikizana bwinobwino, lililonse ndi kamutu kake pamwamba, monga muja amakhalira matabu a burawuza. Mayi Nangozo, pitani pa chikalata cha kumanzere, dinani Mod ndi V kuti chikhale m'chigawo chakechake, kenaka Mod ndi W kuti chigawocho chikhale cha matabu, ndipo mutsekule burawuza muli pomwepo. Burawuzayo idzatenga theka lomwelo lakumanzere, chikalata chimene mukulemba kumanja osasuntha ngakhale pang'ono. Mukapeza tanthauzo la liwulo, mubwerera ku chikalata cha Chingelezi ndi Mod ndi muvi wolozera kumbali. Mod ndi E zimabwezeretsa kugawana kwa masiku onse mukafuna.

Choncho pa kagawidwe ka a Tembo ndingawonjezerepo gulu lachitatu, la achibale ogona masiku angapo. Amenewa sawamangira nyumba yawoyawo, komanso sawasiya pakhonde, amagawana chipinda ndi mwini nyumba. Burawuza, mtanthauziramawu ndi pulogalamu yoonera PDF ine ndimaziika m'gulu limeneli.

Ndichenjezenso za malamulo otambalala kwambiri, chifukwa ine ndinapsa nawo. Ndinkafuna kuti kazenera ka kanema kamene Firefox imatulutsa pambali kaziyandama, ndiye ndinalemba lamulo pa class ya burawuza yonse, ndipo mawa lake zenera lililonse la burawuza linkabadwa loyandama. Kulakwa kunali kwanga, popeza class ndi ya pulogalamu yonse, si ya zenera limodzi. Choyenera chinali kugwiritsa mutu wa zeneralo:

`for_window [title="^Picture-in-Picture$"] floating enable, sticky enable`

Mawu akuti sticky amachititsa kuti kazenerako kakutsatireni pa workspace iliyonse ya sikiriniyo, ndipo amagwira ntchito pa mazenera oyandama okha. Dziwaninso kuti mutu umasintha ngati pulogalamuyo yaikidwa m'chinenero china, choncho lamulo la mutu ndi losalimba poyerekeza ndi la class. Musanawerengetsenso config mutasintha zambiri, lembani i3 -C mu terminal kuti ikuuzeni ngati pali mzere wolakwika.

Nyirenda:

Pepani akuluakulu kulowerera, ine ndine wophunzira ndipo ndakhala ndikutsatira mwachidwi. Ndili pa Ubuntu ndi desktop ya GNOME, ndipo sindinakonzeke kusiya zonse kuti ndiphunzire config ya i3 pakati pa teremu. Kodi pali njira yapakati yoti kuyala kuzichitika kokha monga mu i3, koma ndikatopa nako ndizikuzimitsa? Ndimafuna kuyala ndikamalemba mapulogalamu, koma ndikamakonza zithunzi ndimafuna mazenera aufulu.

Nabanda:

Achimwene a Nyirenda, njira yapakatiyo ilipo. Ubuntu kuyambira pa 23.10 imabwera ndi Tiling Assistant, imene imalola magawo anayi a sikirini ndipo imakufunsani zenera loti lidzaze mbali yotsala, koma imeneyo ndi ya gulu limene amakamba a Mwale, loyala ndi dzanja. Chimene mukufotokoza inu chikufanana ndi Pop Shell ya System76, imene inabwera ndi Pop!_OS 20.04 mu 2020. Mmenemo Super (batani la chizindikiro cha Windows) ndi Y zimayatsa kapena kuzimitsa kuyala kochitika kokha, Super ndi G zimayandamitsa zenera limodzi, ndipo pali mndandanda wa mapulogalamu opatulidwa umene mumaudzaza podina pa zeneralo, osalemba mzere uliwonse. Kampani yomweyo inapanganso desktop yakeyake yotchedwa COSMIC, yolembedwa mu Rust, mmene kuyala kungayatsidwe pa workspace imodzi n'kusiya ina yoyandama.

Lingaliro logawa ndi workspace si lachilendo. Mu awesome, pulogalamu inanso yoyala mazenera, tag iliyonse (imene ili ngati workspace) imakhala ndi kayalidwe kake, ndipo koyandama ndi kamodzi mwa iwo. Mu dwm nayonso muli kayalidwe koyandama pambali pa koyala ndi ka zenera limodzi lodzaza sikirini. Ngakhale mu i3 mungathe kuyandikirako ndi lamulo lakuti zenera lililonse lobadwira pa workspace yakutiyakuti liyandame:

`for_window [workspace="5"] floating enable`

Kwa munthu amene ntchito zake ziwiri n'zosiyana kwambiri ngati inu, kugawa kotere kumapepuka m'mutu kuposa kutchula mapulogalamu limodzilimodzi.

Tembo:

Pa za zithunzi, a Nyirenda ayambe aona ngati akufunikiradi mazenera aufulu. Chifukwa chimene Gimp inkapatsidwira lamulo lapadera n'chakuti kale inkatsekula mazenera atatu osiyana, la zida, la chithunzi ndi la ma layer, ndipo kuwayala kunkabweretsa chisokonezo. Koma kuyambira pa 2.8 mu 2012 ili ndi njira ya zenera limodzi, ndipo m'njira imeneyi imakhala bwinobwino m'chigawo choyalidwa kapena pa workspace yakeyake. Malamulo ambiri amene anthu amakopera kwa anzawo ndi a mavuto amene anatha kale, n'chifukwa chake ine ndimalangiza kuti munthu asalembe lamulo asanaone vutolo ndi maso ake.

Workspace yoyandama yonse ine ndinaiyesa mu i3 ndipo sinandikomere. Chifukwa chake n'chakuti i3 ilibe zida zimene zimathandiza pa mulu wa mazenera oyandama, monga kamzere koonetsa onse otsekula kapena batani lochepetsera zenera. Mazenera anayi akasanjikizana, lapansilo kulipeza ndi ntchito. KWin ya KDE ndi Xfwm ya Xfce zinamangidwira ntchito imeneyo, ndipo zimaigwira bwino kuposa. Ndiye ngati theka la tsiku la munthu ndi la mazenera oyandama, pamenepo ndigwirizana ndi a Mwale kuti ayambire ku KDE kapena ku COSMIC, osati kukakamiza i3 kuti ikhale chimene siili.

Nangozo:

Papita sabata imodzi, ndiye ndati ndibwere ndifotokoze mmene zikuyendera. Ndakhalabe pa i3. Malamulo oyandamitsa ndili nawo atatu okha, la kalikuleta, la kazenera ka mawu ndi la kazenera kolumikizira intaneti. Kalikuleta ili mu scratchpad pa Mod ndi C, mausi sikusamutsanso kiyibodi, ndipo mpendero wa zenera lomvera ndaupatsa mtundu wachikasu woti ngakhale ndi ngodya ya diso ndimauona. Burawuza ndi mtanthauziramawu zikugawana theka lakumanzere ndi chikalata cha Chingelezi monga anandiphunzitsira a Chisale, ndipo kunena zoona chimenechi ndicho chasintha kwambiri kagwiridwe kanga ka ntchito, kuposa kuyandamitsa kumene ndinabwerera pano. Chenjezo la a Mwale ndalisunga, manotsi anga sali m'thumba, ali pa workspace yachiwiri pamene ndimawaona.

Chatsala chimodzi. Lachisanu ndinabwereka monita ya 1920 x 1080 n'kuilumikiza ku laputopu. Pofuna kuti kalikuleta izibwera pakati nthawi zonse, ndinawonjezera mzere umene ndinaupeza m'zolemba zina, wakuti move absolute position center, pa batani loiitanira. Tsopano ikumatulukira pamalire a masikirini awiriwo, mbali ina pa laputopu, mbali ina pa monita. Ndalakwitsa pati?

Chisale:

Mayi, chalakwika ndi liwu limodzi lokha, lija lakuti absolute. Likakhalapo, i3 imatenga masikirini onse olumikizidwa ngati bwalo limodzi lalikulu n'kufuna pakati pa bwalolo, ndipo pa masikirini awiri oyandikana pakatipo pamagwera chapafupi ndi malire awo. Pa laputopu yokha kusiyanaku sikuoneka, n'chifukwa chake mzerewo unkaoneka wabwino kwa amene anaulemba. Chotsani liwulo kuti patsale move position center, ndipo kalikuleta izibwera pakati pa sikirini imene mukugwirapo ntchito pa nthawiyo.

Popeza munanena kale kuti pakati imaphimba pokumanira zikalata, mungathenso kuiika pambali potchula malo ake, mwachitsanzo move position 1020 px 40 px, imene pa laputopu yanu idzaiika kumtunda chakumanja. Kungoti manambala otere sasintha okha mukalumikiza monita ina, ndiye ngati monitayo muziibwereka kawirikawiri, ndi bwino musiye center ija n'kumaikankha ndi Mod ndi mausi pa masiku amene yakuphimbirani mawu.